Khadi Limodzi, Makosi Awiri

Modesta anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuima patsogolo. Patsogolo penipeni, pomwe aliyense angamuone.

Modesta ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi Magaleta. Anali mu Sitandade 3. Dzanja lake silinkachedwa. Aphunzitsi akafunsa funso, dzanja la Modesta linali m'mwamba kale. Nthawi zina linkakwera funso lisanathe n'komwe.

Kunyumba, Modesta anali mwana yekhayo. Mphasa inali yake. Bulangete linali lake. Amayi analinso ake, yekha.

Kenako kunabwera Thandizo.

Thandizo anali mwana wa mng'ono wawo wa Amayi. Anachokera ku Blantyre. Amayi ake ankagwira ntchito kumeneko. Analibe munthu womusiyira mwana. Choncho anamutumiza kumudzi.

Thandizo anali ndi nsapato zoyera. Anali ndi chikwama cha zipi. Analinso ndi mano onse.

Modesta analibe mano onse. Awiri akutsogolo anali ataguluka. Akaseka, pakamwa pake pankaoneka ngati khomo lopanda chitseko.

"Amayi, chikwama ndiike pati?" anafunsa Thandizo.

Modesta anacheuka msanga. Kodi akuitana ndani ameneyu?

"Amayi, madzi akumwa ali kuti?" anafunsanso Thandizo.

"Awa ndi amayi anga," anatero Modesta. "Ako ali ku Blantyre."

Amayi anaseka. "Modesta, ine ndi mayi ake tinayamwa bere limodzi. Mwana wake ndi mwana wanga. Thandizo ndi m'bale wako."

Modesta anakwinya nkhope. Anatupa masaya. Anafuna kutsonya, koma mphepo inangodutsa pamene panali mano paja. Panamveka kuti fyuu! Ngakhale kutsonya kunamukanika.

Tsopano mphasa inali ya anthu awiri. Bulangete linali la anthu awiri. Amayi analinso a anthu awiri.

Nsanje inamuluma Modesta. Inamuluma ngati nyerere yolowa m'malaya.

Kusukulu, Thandizo analowa kalasi ya Modesta. Aphunzitsi awo anali a Zefaniya. Anali aatali, ndipo m'manja mwawo munkakhala choko nthawi zonse.

Tsiku lina kunazizira kwambiri. Ana anali atangomwa phala. Makapu awo anali pamzere pafupi ndi khoma.

"Lero tiphunzira timawu tiwiri ta Chingerezi," anatero a Zefaniya. Analemba pabolodi. Kumanzere analemba A. Kumanja analemba THE.

"Taonani makapu awa," anatero. "Ndi ambiri, eti?"

"Eee, Aphunzitsi!"

"Ndikafuna kapu iliyonse, ndinena kuti a cup. Iyi kapena iyo, zilibe kanthu."

Kenako anatenga kapu yawo. Inali yachitsulo, yopindika kumbali. Mwana aliyense ankaidziwa kapu imeneyi.

"Nanga iyi?" anafunsa. "Mukuidziwa?"

"Ndi yanu, Aphunzitsi!"

"Basi. Chinthu chimene tonse tikuchidziwa timachipatsa the. Iyi ndi the cup. Dzuwa nalonso ndi limodzi, tonse tikulidziwa. Ndiye timati the sun. Ndani ayese?"

Dzanja la Modesta linali m'mwamba kale.

"De sun!" anakuwa Modesta.

"Ika lilime pakati pa mano," anatero a Zefaniya. "Yesanso."

Modesta anafunafuna mano. Mano panalibe. Lilime linangotulukira panja.

"De!" anatero Modesta.

Ana anaseka. Anaseka mpaka ena anagwira pamimba.

Kenako Thandizo anakweza dzanja pang'onopang'ono. Anaika lilime pakati pa mano ake oyera.

"The sun," anatero.

"Taimvani imeneyo!" anatero a Zefaniya. "Muwombereni m'manja mwa mvula."

Ana anayamba ndi chala chimodzi. Tha, tha, tha. Kenako zala ziwiri. Kenako manja onse. M'kalasi munamveka ngati mvula pa malata.

Modesta anawomba ndi chala chimodzi basi. Mvula yake inali ya mawawa.

Nsanje inamulumanso. Tsopano nyerere zinali ziwiri.

Tsiku la makolo linayandikira. Pa tsiku limeneli makolo amabwera kusukulu. Amakhala pansi pa mtengo. Ana amaonetsa zimene aphunzira.

"Kalasi yathu ichita sewero la A ndi THE," anatero a Zefaniya. "Tikufuna makhadi awiri ovala m'khosi. Ndani ali ndi manja aluso?"

"Modesta!" anakuwa ana onse.

Zinali zoona. Modesta ankadziwa kuumba ng'ombe zadothi. Ankadziwa kuluka mpira wa mapepala. Pa ntchito zamanja panalibe womuposa.

A Zefaniya anali ndi katoni imodzi yokha. Anaidula pakati. Anapatsa Modesta zidutswa zonse ziwiri.

Modesta anathamangira kunyumba. Amayi anamuphikira phala lolimba la chinangwa, lomatira. Modesta anatapa chimanga. Anatapanso mapira.

Khadi la A analipanga mothamanga. Chilembo chimodzi, basi, chatha.

Koma khadi la THE analipanga mofatsa. Anamata njere imodziimodzi. Chimanga choyera pakati. Mapira ofiira m'mbali. Anaboola timabowo tiwiri. Anamangapo chingwe cha khonje. Analiyanika padenga kuti nkhuku zisalifikire.

Litauma, analivala. Anakadziyang'ana m'madzi a mu ndowa.

"Ili ndi langa," anatero. "Amayi adzandiona nditavala."

Mawa lake anapereka makhadi kwa aphunzitsi.

"Ati kukongola!" anatero a Zefaniya. "Wachita bwino, Modesta. Iwe uvala A. Thandizo avala THE."

Modesta anayang'ana khadi lake. Chilembo chimodzi.

Anayang'ana khadi la Thandizo. Zilembo zitatu.

Chimodzi. Zitatu. Ndipo zitatuzo anamata ndi iye!

"Modesta ayamba," anatero a Zefaniya. "Anyamula nkhuku, n'kunena kuti, This is a hen. Pamenepo nkhuku ija tonse taidziwa. Ndiye Thandizo atembenukira kwa makolo, n'kunena kuti, The hen is black. Pomaliza nonse awiri munena kuti, The end. Mwamva?"

"Tamva, Aphunzitsi," anatero Thandizo.

Modesta anangogwedeza mutu.

"Mupite nawo makhadi kunyumba. Mukayeserere. Mawa mubwere nawo, pamodzi ndi nkhuku yakuda."

Panjira Thandizo anavala khadi lake. Ana ena ankamuzungulira. Ankakhudza njere ndi zala. Modesta anabisa khadi lake m'malaya.

Nyerere zinachuluka. Tsopano zinali mzere wonse.

Ana atafika kunyumba, Amayi anali atakhala pakhonde ndi chipeso.

"Mawa ndi tsiku lalikulu," anatero. "Ndikulukeni tsitsi. Thandizo, bwera uyambe. Lako ndi lalitali."

Thandizo anakoleka khadi lake pamsomali. Anakhala pakati pa miyendo ya Amayi. Amenewo anali malo a Modesta.

Modesta anaima pakhomo. Anayang'ana manja a Amayi m'mutu mwa Thandizo. Anayang'ana khadi pamsomali. Mtima wake unatentha.

Analowa m'nyumba mwakachetechete. Anachotsa khadi la THE. Anatulukira khomo lakuseri.

"Ndingolibisa pang'ono," anadziuza. "Alire pang'ono. Kenako ine ndilipeza. Amayi adzati Modesta ndi wamaso."

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona nkhokwe. Anagwada, n'kukankhira khadi pansi pake.

Ha, Modesta! Mwana wokulira m'mudzi! Iye amene anayanika khadi padenga poopa nkhuku! Nsanje inamuiwalitsa kuti pansi pa nkhokwe ndi pa ofesi ya nkhuku.

"Modesta!" anaitana Amayi. "Tenga dengu. Kathyole manachesi oti tipatse alendo mawa."

Modesta anatenga dengu. Anatsetserekera kumunda. Mitengo inali itabereka kwambiri. Anathyola, anathyola, mpaka dengu linadzaza.

Pobwerera anamva phokoso kunkhokwe. Jo, jo, jo! Jo, jo, jo!

Modesta anaika dengu pansi. Anathamanga.

Nkhuku yawo yakuda inali pomwepo. Dzina lake inali Makala. Inali ndi anapiye ake onse. Inali itakokera khadi poyera. Chimanga chinali chitatha. Mapira anali atatha.

"Shii! Shii! Chokani!" anakuwa Modesta.

Nkhuku zinabalalika. Koma kuseri kwa nkhokwe kunatulukira mbuzi. Inanunkhiza phala la chinangwa lija. Inagwira katoni ndi mano, n'kuthawa nayo.

Modesta anathamangitsa mbuzi. Mbuzi inazungulira khola. Modesta anazungulira khola. Mbuzi inkathamanga uku ikutafuna.

Pamene anaigwira, katoni inali itatha. Pakamwa pa mbuzi pankalendewera chingwe chokha.

"Mee," inatero mbuzi.

Modesta anakoka chingwe chija. Chinali chonyowa. Anachipinda, n'kuchibisa m'thumba la diresi. 

Kunyumba, Thandizo anali atamaliza kulukidwa. Ankafunafuna.

"Amayi, khadi langa lili kuti?"

Anayang'ana pamsomali. Panalibe. Anayang'ana pansi pa mphasa. Panalibe. Anakhutula chikwama chake cha zipi. Munalibe.

"Modesta, kodi sunalione?" anafunsa Amayi.

Modesta anayang'ana zala zake zakumapazi. "Kaya," anatero.

Pomwepo foni ya Amayi inalira. Anali amayi ake a Thandizo. Mawu awo ankamveka nyumba yonse.

"Thandizo, mwana wanga! Andilola kuntchito. Ndikwera minibasi yoyamba. Pa Boma ndipeza njinga yamoto. Mawa ndikubwera kudzakuona utavala khadi lako lija!"

"Chabwino, Amayi," anatero Thandizo. Mawu ake anali aang'ono kwambiri.

Kenako foni inaduka. Netiweki inali itathawa.

Thandizo anatuluka. Anakakhala kuseri kwa nyumba. Anabisa nkhope m'maondo.

Modesta ankafuna kuti Thandizo alire pang'ono. Tsopano Thandizo ankalira. Koma Modesta sanasangalale ngakhale pang'ono.

Anapita kuseri kuja. Anakhala pansi, chapatali.

"Iwe uli ndi mwayi," anatero Thandizo, osadzutsa mutu.

"Ine?" anadabwa Modesta. "Iwe uli ndi nsapato zoyera. Uli ndi mano onse. Uli ndi zilembo zitatu."

"Koma iwe uli ndi amayi ako pafupi," anatero Thandizo. "Ukadzuka, alipo. Ukaweruka, alipo. Anga ndimangowamva pa foni. Netiweki ikathawa, iwonso athawa. Ndimakuchitira nsanje tsiku lililonse."

Modesta anatsegula pakamwa. Sankadziwa kuti nyerere zimalumanso mwana wa nsapato zoyera.

"Ndimafuna andione ndili patsogolo," anatero Thandizo. "Kamodzi kokha."

Modesta anapisa m'thumba. Anatulutsa chingwe chonyowa chija. Anachiika pansi, pakati pawo.

"Ndine," anatero. "Ndinalibisa pansi pa nkhokwe. Makala wadya njere. Mbuzi yadya katoni."

Thandizo anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira.

"Ndiwe woipa!" anakuwa. "Woipa kwambiri! Usandiyankhulenso!"

Amayi anali atamva zonse. Anabwera, manja ali m'chiuno. Sanakalipe. Modesta akanakonda kuti akalipe.

"Modesta, wandikhumudwitsa," anatero Amayi.

Misozi inatsika m'masaya mwa Modesta. "Pepani, Amayi. Pepa, Thandizo."

Thandizo anayang'ana kumbali.

"Kupepesa wapepesa," anatero Amayi. "Koma khadi silinabwerere. Wawononga ndiwe. Ukonzanso ndiwe."

Modesta anayamba kufunafuna katoni. M'nyumba munalibe. Anathamangira kwa anansi akumtunda. Anati yawo anayatsira moto. Anathamangira kwa anansi akumunsi. Anati yawo anatsekera zenera. Golosale inali kutali, kutsidya kwa mtsinje. Dzuwa linali litapendeka.

Modesta anabwerera wopanda kanthu. Anakhala pakhonde. Anatulutsa khadi lake la A. Analiyang'ana. Analitembenuza.

Kumbuyo kwake kunalibe kanthu. Kunali malo okwanira zilembo zitatu.

"Amayi!" anaitana. "Ndapeza katoni! Ndiphikireniko phala lomatira."

Amayi anayang'ana kumwamba. "Phala siliuma, mwana wanga. Dzuwa latha mphamvu. Ndipo m'mawa kuno kumachita chifunga."

Modesta anakanda m'mutu. Maso ake anagwera pa dengu la manachesi. Makoko ake anali owala ngati moto.

"Nanga tikasoka?" anafunsa. "Tisoke makoko a manachesi. Nkhuku sizikonda makoko."

Amayi anamwetulira pang'ono. Analowa m'nyumba. Anabwera ndi singano ndi ulusi.

Modesta anasenda nachesi. Anang'amba makoko tizidutswa tating'ono. Anayala T. Amayi anasoka. Modesta anasendanso lina. Anayamba H.

Thandizo anali patali. Ankayang'ana ndi diso limodzi.

"Manachesi osenda awa adya ndani?" anafunsa Amayi. "Ine ndekha sindingathe."

Thandizo anasendera pang'ono. Anatenga nachesi limodzi. Anadya. Anasenderanso pang'ono.

"H wako wapendama," anatero.

"Tandigwirira apa," anatero Modesta.

Thandizo anagwira. Modesta anayala. Amayi anasoka. Anadya manachesi mpaka mimba zinati ndi! Alendo amawa anangowatsalira ochepa.

Dzuwa lisanalowe, khadi linatha. Kutsogolo kunali A wa chimanga. Kumbuyo kunali THE wa makoko. Linkawala, ndipo linkanunkhira.

Koma khadi linali limodzi. Ana anali awiri.

Modesta analigwira ndi manja onse. Anali atadikira tsiku limeneli. Ankafuna Amayi amuone ali patsogolo. 

Kenako anakoleka khadi m'khosi mwa Thandizo.

"Vala ndiwe," anatero. "Unene mawu onse. Ine ndiima kumbuyo, ndikugwirire nkhuku."

Thandizo anaimirira. Anapita kuseri kwa nyumba. Anabwera ndi chingwe chija cha mbuzi. Anachitsuka m'madzi. Anamasula chingwe cha pakhadi. Analumikiza zingwe ziwirizo ndi mfundo.

Chingwe chinatalika.

"Sendera kuno," anatero Thandizo.

Modesta anasendera. Thandizo anaponya chingwe pamitu yawo. Chinakwana makosi onse awiri. Khadi linalendewera pakati.

"Chikununkha mbuzi," anatero Modesta.

"Wachititsa ndiwe," anatero Thandizo.

Onse awiri anaseka. Amayi nawo anaseka mpaka singano inagwa.

M'mawa kunachitadi chifunga. Modesta ananyamula Makala m'khwapa. Thandizo ananyamula khadi pamutu, kutali ndi mlomo wa Makala.

A Zefaniya anawaona pakhomo la kalasi.

"Ndinapereka makhadi awiri," anatero. "Lina lili kuti?"

"Lili m'mimba mwa mbuzi, Aphunzitsi," anatero Modesta. "Ndinalibisa chifukwa cha nsanje. Pepani."

A Zefaniya anatenga khadi. Anaona A. Analitembenuza. Anaona THE. Analinunkhiza. Anayang'ana chingwe chachitali chija.

"Kubisa kuja sikunali kwabwino," anatero. "Koma kukonza uku ndi kwabwino. Tavalani ndione."

Ana anavala. Anaima phewa ndi phewa.

"Basi, muchita choncho," anatero a Zefaniya.

Makolo anayamba kufika. Anakhala pansi pa mtengo. Amayi anakhala kutsogolo, atavala chitenje chawo chakutchalitchi.

Ana a Sitandade 1 anaimba. Ana a Sitandade 2 anawerenga manambala. Thandizo sankamvera. Ankangoyang'ana kumsewu.

Kumsewu kunalibe munthu.

"Sitandade 3!" anaitana ahedi.

Modesta ndi Thandizo anayenda pang'onopang'ono. Wina akafulumira, chingwe chinkakoka mnzake. Makolo anayamba kumwetulira.

Thandizo anayang'ananso kumsewu. 

"Sanabwere," ananong'ona.

Modesta anatchera khutu. Iye ankadziwa phokoso lililonse la m'mudzi mwawo. Kutali, kunsi kwa chitunda, kunkamveka kuti pu, pu, pu, pu.

"Akubwera," ananong'ona. "Ndi njinga yamoto. Ikukwera chitunda."

"Yambani," anatero a Zefaniya.

Modesta sanayambe. Anawongola diresi lake. Anawongola khadi. Anasintha Makala, kuchoka kukhwapa lamanzere kupita lamanja. Kenako anatsokomola. Anatsokomolanso.

"Modesta," anatero a Zefaniya, "kodi mawu athawa?"

Pu, pu, pu, pu! Njinga yamoto inatulukira m'chifunga. Inaima pafupi ndi mtengo. Panatsika mayi wamfupi, fumbi lili mbuu m'mutu. Anali amayi ake a Thandizo.

Nkhope ya Thandizo inawala.

Tsopano Modesta anakweza Makala m'mwamba.

"This is a hen!" anakuwa.

Makala anaona A wa chimanga ali pafupi. Anatambasula khosi. Jo! Njere imodzi inapita.

"Tembenuza!" anakuwa Modesta.

Thandizo anatembenuza khadi msanga. THE wa makoko anawala. Makala anajompha khoko. Anapukusa mutu. Anajomphanso. Anapukusanso mutu, n'kuyang'ana kumbali ngati wanyozedwa.

Makolo anafa nacho chiseko.

Thandizo anaimirira njo. Anaika lilime pakati pa mano. Anayang'ana amayi ake.

"The hen is black!" anatero mokweza.

Amayi ake anaimba nthungululu. Anaiimba asanakhale n'komwe pansi.

Panatsala mawu omaliza. Ana awiri anayang'anana. Anakoka mpweya.

"The end!" anatero Thandizo.

"De end!" anatero Modesta.

Palibe anamuseka. A Zefaniya anakweza chala chimodzi. Ana anayamba. Tha, tha, tha. Kenako zala ziwiri. Kenako makolo analowerera. Pansi pa mtengo panagwa mvula yamphamvu.

Mvula imeneyi inali ya onse awiri. Modesta anamvetsera mumtima mwake. Nyerere zija munalibe.

Sewero litatha, Thandizo anathamangira amayi ake. Anaiwala chingwe. Modesta anakokeka, Makala ali m'khwapa. Onse anagwera m'manja mwa mayi wa fumbi uja.

Amayi ake a Thandizo anakumbatira onse awiri.

"Thandizo, mwana wanga!" anatero. "Modesta, mwana wanga! Mano ako apita kuti?"

"Akumera," anatero Modesta. Anayasama kuti aone. Panali kansonga koyera, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

"Khadi lokongolali wapanga ndani?"

"Modesta," anatero Thandizo. "Kawiri konse."

Amayi anafika. Anasisita Modesta m'mutu.

"Ndakuona," anatero. "Unali patsogolo penipeni. Ndaonanso mmene unadikirira njinga ija."

Modesta anamwetulira, khomo lonse lili pululu.

Anabwerera kunyumba onse pamodzi. Amayi awiri anali patsogolo, akucheza. Ana awiri anali pambuyo, m'chingwe chimodzi. Makala anali atagona m'khwapa.

Modesta anayang'ana misana iwiri ija. Anaganiza pang'ono. Anafuna kuyesa kanthu.

"Amayi!" anaitana.

Onse awiri anacheuka.